Nionetseni Pansi Pake

Pali mafunso amene wogula safunsa ndi pakamwa. Amafunsa ndi zala. Matimati amawafinya pang'ono, nkhuku amainyamula m'mapiko kuti amve kulemera kwake, kapenta amatolako mmodzi n'kulawa ngati mcere sunapitirire. Pa salaula amatembenuza buluku, kukoka zipi kawiri katatu, kenaka kuliyang'anitsitsa padzuwa. Tonse amene tinakulira m'makomboni tinaphunzira kugula motero: cinthu uyambe wacigwira, ndalama ituluke pambuyo.

Masiku ano malonda ambiri alowa mufoni, ndipo zala zatsala ndi nchito imodzi cabe, yokuza cithunzi pagalasi. Pa okushoni ya pa intaneti zimavutirapo, cifukwa nthawi nayo imakuthamangitsa. Anzako akupikisana nawe, mtengo ukukwera, ola lotsekera layandikira. Sungapite kukaona, sungagwire, sunganunkhize. Uli ndi zithunzi zokhazo zimene wogulitsa wasankha kukuonetsa. Nanga munthu amene watsala pang'ono kutulutsa ndalama pa cinthu cimene sanacigwirepo amafuna kuona ciani?

Ine ndimagulitsa nsapato za salaula. Ndimaoda ku Soweto m'mamawa belo likangotsegulidwa, ndimakazicapa kunyumba ku Chawama, ndipo Lacisanu masana ndimaziika pa Facebook ndi mtengo woyambira. Amene wachula mtengo waukulu pofika 20 hours ndiye mwini wake. Amatumiza ndalama pafoni, ine n'kukamupatsa nsapato m'tauni kapena kuikweza basi ku Intercity. Pakati pa masana ndi 20 hours foni siipuma, ndipo mauthenga ake amafanana sabata ndi sabata.

"Ba sister, nionetseni pansi pake."

"Kopani size ya mukati."

"Iyi colour ni yeve-yeve olo ni filter?"

"Ikani pepala ya date ya lelo pambali."

Pempho lililonse lili ndi cimene likufufuza. Pansi pa nsapato ndi pamene pamalembedwa ulendo wake: pamwamba mukhoza kupukuta mpaka kuwala, koma soli yodyeka mbali imodzi siibisika. Kacikwangwani ka mkati kamanena saizi, ndipo wodziwa amaonanso pa zilembo ndi kasokedwe ngati nsapato ndi yeniyeni kapena ndi gong'a. Wofunsa za mtundu amadziwa kuti babu ya m'nyumba imasandutsa cofiirira kukhala cakuda, conco amafuna cithunzi ca panja, dzuwa lisanalowe. Wa pepala la tsiku uja analumidwapo. Anatumizapo ndalama kwa munthu amene analibe nsapato ngakhale imodzi, anangotola zithunzi pa intaneti. Iye amafuna umboni woti cinthuco cili m'manja mwanga lero lino.

Pa zaka zonsezi palibe wogula amene anandipemphapo cithunzi cokongola kuposa cimene ndaika. Onse amapempha mbali imene sindinaonetse. Ndipo ndaona kuti nsapato imene ndajambula pamene panang'ambika, cala canga cikuloza pomwepo, anthu amaipikisanirana mosaopa. Imene yangowala mbali zonse amaizungulira ndi mafunso mpaka nthawi kutha.

Amai anga, amene foni amaigwiritsa nchito poimba cabe, sadabwa nazo. Akuti pa salaula ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Malaya otuluka m'belo amakhala ndi makwinya, ndipo ogula ambiri amawafuna comweco. Ukawacisa ndi nsimbi n'kuwapacika osalala, wina amayamba kukayika kuti mwina si a m'belo, avalidwapo kale kuno. Makwinya ndiwo umboni.

Pa nsapato ya K250 munthu akalakwitsa amadandaula sabata imodzi. Pa motoka akhoza kulira zaka. Amalume anga atapuma nchito anaphatikiza ndalama zawo za penshoni ndi za cilimba ca akazi awo kuti agule kamotoka kocitira taxi. Ndalama zimenezo zinali zonse zimene banja lija linali nazo. Poti pabanja pathu ine ndiye ndimachedwa wodziwa za foni, anandiitana kuti ndiziwatsegulira zithunzi zimene wowagulira wa ku Japan anali kutumiza.

Mamotoka ambiri amene timakwera mu Lusaka anadutsa pa okushoni ku Japan. Dziko limenelo limayendetsa kumanzere ngati ife, ndipo lamulo lawo limafuna kuti motoka yanyowani ikapimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka pa zaka ziwiri zilizonse. Kupimitsako n'kodula, motero anthu ambiri amagulitsa motoka ikali yolimba. Pa maokushoni akuluakulu monga a USS, ololedwa kupikisana ndi amalonda olembetsedwa okha, ndiye munthu wa kuno amadutsira mwa wina. Motoka imodzi imagulitsidwa m'masekondi owerengeka. Ku Japan nthawi ili patsogolo ndi maola 7, kutanthauza kuti malonda akamayamba kumeneko kuno tili m'tulo. Umachula madzulo mtengo umene sungapitirire, n'kukagona. Kukaca umamva ngati wapata kapena ai.

Zithunzi za pa okushoni yoteroyo zimakhala zocepa ndipo sizikometsedwa: kutsogolo, kumbuyo, mkati. Koma zimabwera ndi pepala lolembedwa ndi woyendera motoka. Papepalapo pali giredi, monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndipo cilembo R cimatanthauza kuti motoka inacitapo ngozi n'kukonzedwa. Palinso cojambula ca motoka ngati yayalidwa pansi, ndi zilembo pamalo alionse olakwika. A ndi pokalika, U ndi pamene panagundidwa n'kulowa mkati, W ndi pamene anakonzapo n'kupentanso, S ndi dzimbiri, XX ndi cigawo cimene cinasinthidwa. Nambala yotsatira cilembo imanena kukula kwa vutolo.

Tinatsala ndi ma Vitz awiri. Imodzi inali kale payadi ya wogulitsa wina, yotsukidwa, matayala opakidwa mafuta, zithunzi zambirimbiri padzuwa, koma pepala la okushoni panalibe. Inayo inali yoti ilowa pa okushoni, zithunzi zake zozimirira, pepala lili ndi giredi 4, A2 pacitseko ca kumanzere ndi U1 kumbuyo. Mtima wa amalume unathamangira yowala ija. Anapita ndi foni yanga kwa makanika amene akhala akudziwana naye kuyambira unyamata, ine ndikutsatira pambuyo.

Makanika uja zithunzi zowala anazidutsa mwamsanga. Pa pepala lija ndi pamene anakhalitsa. Kenaka anati, "Ba mudala, motoka ya zaka teni ilibe cilonda kulibe. Ngati simuciona, ninshi acibisa."

Anatiuza zoti tipemphe, popeza wokugulira akhoza kutuma munthu kukaiona motoka isanalowe pa okushoni ndi kujambula zina, mukamulipirako pang'ono. Coyamba cinali kunsi kwa motoka. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa cipale cofewa ndipo m'misewu amathira mcere, umene umadya citsulo ca pansi pamwamba pakuwalabe. Caciwiri cinali dashibodi injini ikulira, kuti tione ngati pali nyali yocenjeza imene yakana kuzima. Cacitatu, siteringi ndi mapedulo. Nambala ya makilomita munthu akhoza kuibweza, koma labala lodyeka ndi phazi limaulula ngati nambalayo ndi yoona. Cacinayi, kacivundikiro ka mafuta a injini katatembenuzidwa, kuti tione ngati pali phala lakuda.

Pa zithunzi zinayizo panalibe cokongola ngakhale cimodzi. Ca kunsi cinajambulidwa ndi munthu wogwada, cala cake cikuonekera pakona. Koma amalume anachula mtengo wawo ataona zimenezo, ndipo usiku umenewo sanagone.

Motoka inatsika pasitima ku Dar es Salaam, inadutsa Tunduma, inalipiridwa msonkho pa Nakonde, n'kutsika ndi Great North Road kudzera Mpika, Serenje ndi Kapiri Mposhi. Itaima pakhomo ili fumbi lokhalokha, amalume sanayambe ndi kuiliza. Anapita molunjika ku citseko ca kumanzere, anapukuta ndi dzanja, n'kupeza pokalika paja pomwe pepala linanena. Anaseka ngati aona wacibale pasiteshoni. Anazungulira kumbuyo, napeza kena kaja. Apo ndi pamene mtima wawo unakhala pansi. Ngati pepala linanena zoona pa zilonda, ndiye kuti linanenanso zoona pa injini.

Nkhani imeneyi anaiganizirapo kale akatswiri a zacuma. Mu 1970 George Akerlof wa ku America analemba nkhani yochuka ya mutu wakuti "The Market for Lemons". Kwawoko motoka yovuta amaicha ndimu. Mfundo yake inali yakuti wogula akalephera kusiyanitsa motoka yabwino ndi yoipa, amachula mtengo wapakati podziteteza. Mwini motoka yabwino amaona kuti mtengowo wamucepera, n'kucoka pamsika. Otsala ndi a zoipa, ndipo wogula amatsitsanso mtengo. Mu 2001 Akerlof analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri cifukwa ca maganizo otere. Ife a salaula ya pafoni timaziona popanda buku. Wina akagulitsa gong'a ndi zithunzi zakuba, Lacisanu lotsatira tonse timapatsidwa mitengo ya anthu okayikiridwa.

Ngakhale eBay, msika waukulu wa okushoni pa intaneti, unayamba ndi cinthu cakufa. Mu 1995 Pierre Omidyar atangoutsegula, cimodzi mwa zinthu zoyamba kugulidwa cinali katochi kolozera ka laser, kowonongeka, ndipo iye ananeneratu kuti sikagwira nchito. Kanapita pa $14.83. Lero lamulo la eBay limakana kugulitsa cinthu cogwiritsidwapo nchito ndi cithunzi ca m'katalogi ya kampani. Uyenera kujambula cinthu cenicenico cimene uli naco.

Koma pali mbali ina imene akatswiri aja sakhala nayo, imene ife a m'komboni timaidziwa bwino. Diso la wogula siliima pa nsapato. Limapitirira kumbuyo kwake. Limaona simenti yong'ambika, khoma losapaka, mbaula pakona, cidebe ca madzi. Mnzanga wina amene timaoda limodzi amajambula nsapato zake kunyumba kwa msuweni wake kumayadi, pa matailosi oyera, cifukwa akuti akajambulira kwawo anthu amayambira pansi kuchula mitengo. Nsapato ndi yomweyo, yocokera m'belo lomwelo. Cimene casintha ndi cimene wogula akuganiza za mwini wake. Ine wina anandiuzapo atapambana kale kuti, "Tumani cabe wa njinga, ine kukomboni sinibwela." Ndalama ndinalandira, koma mawuwo anandikhala pakhosi.

Ndiye wogula amafuna coona conse ca nsapato, koma akaona coona ca wogulitsa amamulanga naco. Ine ndinagula cikatoni coyera cacikulu, cimene ndimayala panja m'ma 16 hours dzuwa likafewa. Mlongo wanga wamng'ono anandifunsa ngati kumeneko si kubisa komwe ndimadana nako. Ndinaganizira funso lake masiku angapo. Yankho langa ndi lakuti cimene munthu akulipira ali ndi ufulu wociona conse, mpaka pamene panadyeka. Khoma la nyumba ya amai anga sakulipira, ndipo silili pa malonda. Kucapa nsapato ndi ulemu kwa wogula, kuyala cikatoni ndi ulemu kwa ine mwini. Kupaka polishi pamng'alu kuti usaoneke, kumeneko ndiye kuba.

Malire amenewa afunika kwambiri tsopano, pamene foni wamba ili ndi mapulogalamu ofufuta ciliconse pacithunzi. Cala comwe cimacotsa mbaula kumbuyo cikhoza kucotsanso pong'ambika. Ogula adziwa, n'cifukwa cake ambiri ayamba kupempha kavidiyo kafupi, nsapato ikupindidwa m'manja, mawu a wogulitsa akumveka. Zithunzi zikamakongola kwambiri, anthu amafunanso umboni wina.

Ndipo si kuti amafuna zambiri. Wogula wa ku Kanyama kapena ku Matero amawerengera bando yake, ndipo zithunzi makumi awiri za mbali imodzimodziyo zimangomudyera ndalama. Ine ndimaika zisanu ndi cimodzi. Coyamba ndi nsapato zonse ziwiri cam'mbali, coitanira anthu. Kenaka pamwamba, pansi, kacikwangwani ka mkati, ndi mkati mwa cidendene mmene nsalu imayambira kutha. Comaliza ndi cilonda, pafupi kwambiri, cala canga cikuloza ndi kapepala ka tsiku pambali. Ngati nsapato ilibe cilonda cacikulu, ndimafuna ngakhale kakang'ono.

Alipo amene amafika pa comalizaco n'kudutsa, ndipo sindiwakakamiza. Lacisanu likubwerali ndili ndi Adidas yoyera saizi 8, yabwino ndithu, koma ulusi unamasuka pang'ono kuphazi la kumanja. Amene adzaitenge pa 20 hours adzakhala atauona kale ulusiwo, ndipo tikakumana m'tauni adzayamba ndi kuufunafuna.