Za ndere za ku Okinawa zija, ndiyankhe pano kamodzi

Abale anga, chiyambire kuzungulira m'magulu a WhatsApp kanema uja wonena kuti ku Japan kuli ndere zochiza khansa, foni yanga siikupuma. Inu mumalemba mutakhuta nsima yamadzulo, kuno ili 2 koloko usiku, m'mawa ndili ndi kalasi. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi.

Nderezo zilipodi, ndipo ndimadya. Dzina lake ndi mozuku. Kuno ku Okinawa amachita kulima m'nyanja yamchere, pa maukonde oyalidwa pansi m'madzi osaya, moti pafupifupi mozuku yense wodyedwa m'dziko muno amachokera kuno. Nthawi yokolola, kuyambira cha mu Epulo mpaka Juni, mukapita ku Katsuren mudzaona munthu atamira ndi chipaipi choyamwa, anzake ali m'boti kulandira ndi kuchotsa zinyalala. Lamlungu lachitatu la Epulo adalipatula kukhala tsiku la mozuku. Tsiku lathunthu, la ndere! M'sitolo amamugulitsa m'timakapu titatu tomatirana, atamuthira viniga, pamtengo woti ngakhale ine wodalira ndalama ya sukulu sindiganiza kawiri. Ena amakazinga ndi ufa watirigu. Kuterera kwake ndi therere lenileni lachidulo, ndipo tsiku loyamba kumulawa ndidangokhala duu, mtima uli ku Ntcheu, poti kuno ufa wa nsima kuupeza ndi nkhondo ndipo mpunga wandikola.

M'kuterera komweko ndi momwe muli chimene kanemayo akutchula, fucoidan. Sichachilendo ayi, wasayansi wa ku Sweden, Harald Kylin, adachipeza kale mu 1913. Akachithira pa maselo a khansa m'kambale ka mu labu, maselo ena amafa. Akapatsa mbewa zoyeserera, zotupa zina zimakula mochedwa. Koma munthu si mbewa, ndipo thupi limayamwa kochepa kwambiri mukameza. Kafukufuku wa pa anthu ndi wochepa, wa magulu ang'onoang'ono, ndipo wina amangofuna kuona ngati odwala amene ali kale pa kemo angamatope pang'ono. Boma la Japan silidavomereze fucoidan ngati mankhwala a khansa. Mabotolo a fucoidan mukuonawo amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, ndipo lamulo la kuno sililola wogulitsa kulemba kuti chimachiza matenda. N'chifukwa chake pabotolo pamangokhala chithunzi cha nyanja ndi gogo akumwetulira. Zakuchizazo amawonjezera ndi a pa intaneti.

Chandipweteka ndi ichi. Azakhali anga adawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo achibale ena ayamba kale kuwauza kuti dilipi ikuwafoola, aleke, mwana wathu ali ku Japan atumiza ndere. Ine ndiye ndasanduka wouma mtima, wodzimva poti adakwera ndege. Ndalira nazo ndekha m'kachipinda kano. Momwe zimakhalira kwathu mukudziwa, sindichita kufotokoza. Amene mudalipo 1995 mukukumbuka chinamtindi cha anthu chopita ku Machinga kukamwa mchape kwa a Chisupe. Sindikuseka munthu. Transipoti ikasowa, mzere ukatalika, aliyense amagwira chomwe chili pafupi.

Koma taonani eni ake nderewo. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nane amadya mozuku chiyambire ubwana, komabe adadwala khansa ya m'mawere. Sadathamangire botolo. Adapita kuchipatala, adachitidwa opaleshoni, akumwa mankhwala a adokotala, ndipo mozuku akudyabe ngati ndiwo basi. Inshulansi ya boma imamulipirira gawo lalikulu, iye amapereka 30 peresenti, komanso pali malire a ndalama zomwe munthu angalipire pamwezi. Ofesi ya mzinda imachita kutumiza kalata kunyumba yokumbutsa amayi kukayezetsa, khomo la chiberekero kuyambira zaka 20, mawere kuyambira zaka 40. Ngakhale ine mlendo yanga idafika, ndi zilembo zawo zija zomwe ndimawerenga ndi kamera ya foni. Ndidaigwira kalatayo nsanje itandigwira pakhosi, ndikuganiza azakhali amene adadziwa mochedwa.

China chimene chimandidabwitsa ndi kudekha kwawo. Pa yunivesite ya OIST ku Onna adakhala pansi n'kuwerenga chibadwa chonse cha mozuku, adalengeza mu 2016, osati kuti agulitse botolo mawa lake koma kuti adziwe chomeracho bwinobwino. Ndipo za m'nyanja zimatulutsadi mankhwala a khansa, pamenepo kanemayo sakunama. Mu 1986 Yoshimasa Hirata ndi Daisuke Uemura adalengeza za chinthu champhamvu chomwe adachipeza mu siponji ya m'nyanja ya ku Japan. Siponjiyo inkapereka kochepetsetsa, mpaka akatswiri adachita kuphunzira kupanga chofanana nacho mu labu. Kampani ya Eisai idatulutsa eribulin, wothandiza pa khansa ya m'mawere yomwe yafalikira, ndipo ku America adamuvomereza mu 2010. Zaka 24 zimenezo. Wamalonda wa pa WhatsApp akufuna fucoidan adumphe zonsezi.

Ndikamaona zimenezi mtima umawawa chifukwa ifenso zomera tili nazo. Kaduwa kapinki kapena koyera kaja kamamera pakhonde paliponse osathirira, kochokera ku Madagascar, ndi komwe kadatulutsa vincristine, mankhwala omwe ana odwala khansa ya Burkitt amalandira ku chipatala cha Queens. Musakathyole n'kuwiritsa, ndi poizoni. Ndikungoti chammwamba, nimu ndi mizu ya agogo athu zikadapeza labu ndi ndalama ngati za kuno, bwenzi tikudziwa chogwira ntchito ndi chongowawa mkamwa.

Ndipo musaganize kuti chochokera m'nyanja sichipweteka. Ndere za kombu zili ndi ayodini wambiri woti angasokoneze chithokomiro. Ndere za hijiki, zimene kuno amadya ndi karoti, boma la Britain lidachenjeza anthu ake mu 2004 kuti asamadye chifukwa cha arsenic. Fucoidan yemweyo angathe kusokonezana ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Ndiye ine nditumize botolo kwa munthu amene akutaya kale magazi?

Pali ndere zina zofiira zotulutsa carrageenan, yemwe amathira mu ayisikirimu kuti agwirane. Mu 2006 asayansi a National Cancer Institute ku America adaona kuti mu labu amatsekereza HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya azakhali angayi, ndipo kafukufuku wake adapitirira. Koma katemera wa HPV alipo kale, ndipo apa ndiye ndimayenda modzitukumula. A Japan, ndi chuma chawo chonsechi, adasiya kulimbikitsa katemerayu mu 2013 anthu atachita mantha ndi nkhani za pa TV, adayambiranso mu 2022. Ife tidayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, alangizi a zaumoyo akupalasa njinga kupita m'masukulu. Nditamuuza mnzanga wa m'kalasi zimenezi adandifunsa kawiri ngati ndikunena Malawi yemweyu. Achimwene, wanu wa Sitandade 4 uja adabayitsa?