André Maurois: Mlembi Wochokera M'fakitale

Tsiku lina wophunzira wanga adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu wotanganidwa ndi ntchito ina angakhale mlembi?" Funsoli lidandilasa mtima, pakuti nanenso nkhani zanga zidangogona m'kabati, ati ndilibe nthawi.

Ndidamuuza za André Maurois, mlembi wa ku France, yemwe adabadwira ku Elbeuf mu 1885. Dzina lake lobadwa nalo lidali Émile Herzog. Atamaliza sukulu, adagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya nsalu ya makolo ake. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ankamasulira mawu pakati pa asilikali a ku Britain, ndipo zomwe adaona kumeneko zidabala buku lake loyamba mu 1918, atapitirira kale zaka 30.

Kenaka adatchuka polemba mbiri za alembi anzake: Shelley mu 1923, Byron mu 1930 ndi Victor Hugo mu 1954. Mbirizi ankazilemba mokoma, owerenga n'kumangoti akuwerenga nkhani yopeka. Adamwalira mu 1967.

Ophunzira inu, taonani: ntchito siidamulande cholembera, koma idampatsa zoti alembe. Ine madzulo a tsiku lomwelo ndidakatsekula kabati ija.