Kalata yochokera ku Makueni

Wote, Makueni, Kenya

Okondedwa achimwene,

Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa lake ndi loswa mtengo. Mayi muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndawapeza, ndipatsira mnzanga wina amene akubwera kumeneko mwezi wamawa.

Alamu anandiuza pa WhatsApp kuti anthu akusankhani kukhala wapampando wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ndakondwa kwambiri. Koma zimene munanena pa foni zija, zoti mpandowo ndi wongosayinira mapepala olembedwa kale ku boma, zandikhala pamtima. Mayunitsi sakanatilola kukambirana bwinobwino, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Ndikufuna ndikuuzeni za a Kivutha Kibwana, amene anali gavanala wa boma lino la Makueni zaka khumi zosakwana pang'ono, kuyambira 2013 mpaka 2022. Kuno simungakhale pa malo omwera tiyi osamva dzina lawo, ena akuwatama, ena akuwanena.

Ndiyambe ndi mmene dziko lino limayendera. Malamulo aakulu a 2010 anagawa Kenya m'maboma 47, ndipo kuyambira pa chisankho cha pa 4 March 2013 boma lililonse lili ndi gavanala wochita kuvoteredwa, komanso nyumba yakeyake ya malamulo. Mmenemo mumakhala ma MCA, ofanana ndi makhansala athu, wodi iliyonse mmodzi. Makueni ili ndi mawodi 30. Ndalama sizibwera mwa chifundo cha nduna ayi, malamulo amanena kuti zosachepera 15 peresenti ya zimene dziko latolera zizipita ku mabomawa. Zipatala, ulimi, madzi, misika, misewu ya m'midzi ndi sukulu za mkombaphala, zonsezo zili m'manja mwa gavanala. Ndiye chipatala chikasowa mankhwala anthu amadziwa khomo logogoda, ndipo mwini khomolo amadziwa kuti zaka zisanu sizichedwa.

A Kibwana anali mphunzitsi wa zamalamulo pa University of Nairobi. Mu 1997, nthawi ya pulezidenti Moi, anali mmodzi mwa otsogolera zionetsero zofuna kuti malamulo a dziko asinthe. Mu 2002 anapambana mpando wa phungu wa Makueni pa tikiti ya chipani cha NARC, chaka chomwe a Kibaki anapambana upulezidenti, ndipo anakhalako nduna yoona za chilengedwe. Mu 2007 anthu omwewo anawagwetsa. Pofika 2013 anabwereranso kudzaimira ugavanala pa kachipani kakang'ono kotchedwa Muungano, m'dera limene chipani cha Wiper cha a Kalonzo Musyoka ndiye mwini bwalo. Anapambana ndithu.

Koma zaka zoyambirira zinali za minga. Gavanala ndi ma MCA sanamvane pa kagawidwe ka ndalama za bajeti, moti ntchito zambiri zinaima. Mu September 2014 mkangano unafika poti mfuti zinalira pa nyumba ya malamulo konkuno ku Wote, anthu angapo n'kuvulala. Ma MCA anavota kuti gavanala achotsedwe, nkhani n'kupita ku khoti. Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa anthu a kuno. Anthu oposa 50,000 anasayina chikalata chopempha pulezidenti kuti angothetsa boma lonse la Makueni, gavanala ndi ma MCA omwe, onse akapemphenso mavoti. A Kibwana anagwirizana nazo, chonsecho mpando wawo nawo ukanapita. Pulezidentiyo, a Uhuru Kenyatta, anakhazikitsa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi a Mohammed Nyaoga, komitiyo inavomereza pempholo, koma mu 2015 pulezidenti anakana. Anthu anangosunga pamtima. Pa chisankho cha 2017 a Kibwana, ataimira Wiper tsopano, anapambana ndi mavoti oposa 80 pa 100 alionse, ndipo ma MCA ambiri a nthawi ya mkangano ija sanabwererenso.

Mwina mukufunsa kuti anawapatsa chiyani anthu kuti awakonde chonchi. Zimene ankalonjeza sizinali zambiri, ndipo zinali zoti munthu akhoza kuzigwira ndi manja. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choyamba chinali chipatala. Mudzati ife kwathu n'zaulere kale, koma kuno zipatala zikuluzikulu za boma zimalipiritsa, ndipo matenda amodzi amatha kudya mbuzi zonse za pakhomo. Mu 2016 anayambitsa Makueni Care: banja linkapereka mashilingi 500 pa chaka, n'kumalandira chithandizo m'zipatala za boma lino osalipiranso. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo sankapereka kanthu. Maboma ena ankabwera kudzaonera.

Kenako mango. Achimwene, mango a kuno muwaone ndi maso! Makueni ndi limodzi mwa maboma otsogola pa mango m'dziko lonse la Kenya, ndipo kuyambira December mpaka March fungo lake limakhala paliponse. Vuto lake ndi lomwe lija la kwathu kunyanja: amapsa onse nthawi imodzi, venda n'kubwera ndi lole, n'kutchula mtengo umene iye wafuna. Mu 2017 boma lino linatsegula fakitale ku Kalamba yofinya mango kukhala phala lopangira juwisi. Sindikunamizani kuti vuto linatha. Fakitale imodzi singameze mango a boma lonse, ndipo milu yowola ndimaionabe m'mbali mwa msewu. Koma mayi amene ndimachita lendi nyumba yawo amati venda masiku ano amalankhula mwaulemu pang'ono, chifukwa amadziwa kuti mlimi ali ndi kwina kolozera.

Za madzi ndiye zinandigwira mtima kwambiri, chifukwa kuno n'kouma kuposa kwathu. Mitsinje yambiri imayenda masabata ochepa chabe pa chaka. Kale malole ankakokolola mchenga usiku ndi usana kupita nawo ku Nairobi komangira nyumba, mitsinje n'kutsala miyala yokhayokha. Mu 2015 anakhazikitsa lamulo loteteza mchengawo, ndipo analimbikitsa madamu a mchenga. Ndinakaona limodzi. Ndi khoma la simenti lalifupi, lopingasa mtsinje pamene pali thanthwe. Mvula ikagwa, mchenga umadzaza kuseri kwa khomalo, madzi n'kubisala mkati mwa mchengamo, dzuwa osawapeza. Pamwamba mumayenda pouma gwa, koma mtsikana wina anafukula ndi manja, dzenje losafika m'chigongono, madzi oyera n'kuyamba kusonkhana pansi. Cha m'mbali munali madimba a tomato ndi masamba obiriwira, pakati pa chilimwe. Ndinaganiza za mtsinje wathu uja umene amayi amakafukula mu October.

Koma chimene ndakulemberani kalatayi ndi ichi. Ntchito zonsezi sizinkachokera mu ofesi ya ku Wote. A Kibwana anakonza zoti bajeti iziyambira kumudzi: anthu a mudzi amakumana n'kunena zimene akufuna, nthumwi zawo zimapita nazo ku gulu la midzi ingapo, kenako ku wodi, mpaka ku boma. Mwambowu ukupitirirabe. Ndinatsagana ndi mayi a nyumba aja ku msonkhano wa kwawo. Anthu anakhala pa mabenchi a tchalitchi pansi pa mtengo, kalaliki wa boma atamata pepala lalikulu pa thunthu. Choyamba analemba ndalama zimene zilipo, aliyense aone. Kenako panayamba kulimbana: azibambo amafuna msewu, amayi amafuna thanki ya madzi pa chipatala chaching'ono, achinyamata amafuna shedi pa msika. Gogo wina anaimirira ndi ndodo, n'kulankhula m'Chikamba nthawi yaitali osadulidwa. Anandimasulira kuti akufunsa za ntchito ya chaka chatha, kuti inathera pati asanayambe kukamba zatsopano. Kalaliki anachita kutsegula fayilo n'kuyankha. Atakweza manja, thanki inapambana.

Ndipo sizithera pamenepo. Ntchito ikayamba, anthu amasankha komiti ya m'mudzi momwemo yoyang'anira kontilakita, ndipo mawu a komitiyo amafunika asanalipidwe. Mu 2019 boma lino linayamba kuika makontilakiti ake pa intaneti, kuti aliyense aone amene wapatsidwa ntchito ndi ndalama zake.

Ife lamulo la maboma ang'ono tinali nalo kale mu 1998, Kenya isanagawidwe n'komwe m'maboma 47 aja. Mawu oti mphamvu ku anthu tinawaimba mpaka mawu kusasa. Koma makhansala titawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Zimandiwawa, chifukwa ma VDC ndi ma ADC athu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ndi makwerero omwewa amene ndikuwaona kuno. Chosiyana n'choti kuno anthu amauzidwa chiwerengero cha ndalama msonkhano usanayambe. Ndiye inu, pa msonkhano wa ADC ukubwerawu, funsani zimenezo poyera, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Kamlatho ka padambo kaja, kamene kanakokoloka ndi mvula yoyamba, kanadya zingati? Anasayinira ndani kuti katha? Akhansala amene munawavotera pa 16 September 2025 analonjeza mjigo ndi msika, lembani m'kope zimene ananena, tsiku ndi malo, muziwawerengera akabwera.

A Kibwana nawo mapeto awo sanali okoma. Malamulo salola gavanala kupitirira materemu awiri, ndiye anayamba alankhula za upulezidenti, kenako n'kusiya, mu 2022 n'kukaimira usenata wa Makueni pa Muungano. Anagonja kwa a Dan Maanzo a Wiper. Ugavanala anatenga a Mutula Kilonzo Junior, amene anali senata kuyambira 2013. Ena kuno amati chinawapweteka n'kukangana ndi a Kalonzo, ena amati anthu anangofuna nkhope ina. Ine zinandimvetsa chisoni, munthu wagwira ntchito yotere. Chisankho china chili mu August 2027, ndipo oimira ayamba kale kuzungulira m'maliro ndi m'matchalitchi.

Ndalama ya feteleza ndituma sabata yamawa, mundiuze ikafika. Ya fizi ya mtsikana wathu wa ku sekondale ndiphatikiza pomwepo, musaisakanize. Mupereke moni kwa amalume ndi kwa afumu, ndipo mundilembere zimene akakuyankheni ku ADC, ngakhale zitakhala zokhumudwitsa.

Ndine mng'ono wanu.