Kwa mwana wanga wopita kukagwira ntchito ku Chipata

Kapichila, Lundazi

Mwana wanga,

Za mapemphero ndi za anzako oyenda nawo amayi ako akuuza kale. Ine ndinena za ntchito, poti ndinakalambira pa sikelo ya thonje ndikulemba alimi m'kaundula, ndipo kompyuta inandipeza ndisanapume.

Wati kampani yogula soya ndi mtedza imene yakulembayo imasunga mabuku a ndalama mu Sage Pastel. Tsiku lina bwana adzafuna kudziwa dera limene labweza bwino ngongole ya mbewu ndi feteleza, adzakutuma utulutse ziwerengero uziike mu Excel. Zikatuluka, sunga kope limodzi osalikhudza, ugwirire pa lina. Usanayambe kuwerengera chilichonse, ona ngati chiwonkhetso cha mu Excel chikufanana ndi cha m'mabuku mpaka ngwee yomaliza. Lipoti lotere limabwera ndi ziwonkhetso zing'onozing'ono pakatikati, ndipo wophatikiza mzere wonse mosayang'ana amawerenga ndalama imodzi kawiri.

Excel ali ndi khalidwe lake. Nambala ya foni yoyamba ndi 097 kapena 096 amaidula 0 wakutsogolo, malipiro a pa Airtel Money kapena MTN n'kukanika kupita. Madetinso amasokoneza: 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa mwa ku America imati 4 Malichi. Ukakhudza mabuku akale, kumbukira kuti pa 1 Januwale 2013 kwacha yathu inachotsedwa maziro atatu. K50,000 ya 2012 ndi K50 ya ndalama zatsopano.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kusanja mayina. Ukafuna kuwaika motsatira afabeti, gwira tebulo lonse pamodzi. Ukasanja mayina okha, makilogalamu n'kutsala pomwe anali, dzina la mayi wa kuno kwa Kapichila likakhala pa katundu wa munthu wina. Mayiyo anabzala mvula itagwa mu Disembala, anapalira mwana ali kumsana, anakolola, anabwereka ngolo kuti matumba afike pa depoti. Kompyuta yakoyo sadzaiona. Adzangoona kuti ndalama zapelewera, ndipo kalaliki wa pa depoti adzamuuza kuti ndi mmene zalembedwera. Akadandaula kwa yani? Mzere uliwonse pamenepo ndi khomo la munthu, ena mwa iwo anakunyamulapo uli khanda.

Ziwerengero zikakana kugwirizana, usasinthe nambala mu Excel kuti zioneke bwino, ngakhale wokuuzayo akhale wamkulu pa ofesi. Bwerera ku lisiti, upeze pamene palakwika, akonze m'mabuku enieni amene ali ndi udindo wotero. Msonkho wa VAT ndi 16 pa 100 aliyonse, ndipo kuchokera 2024 mainvoisi a makampani olipira msonkhowu amapita ku bungwe lotolera misonkho la ZRA kudzera pa Smart Invoice. Zosemphana zimaonekera, ndipo wofunsidwa adzakhala iwe amene unatulutsa fayiloyo, pamene ukali kuwerengera mayeso a zowerengera ndalama a ZICA.

Fayilo yokhala ndi nambala za ziphaso za NRC za alimi usaitumize pa WhatsApp, usapite nayo kunyumba pa fulashi, ngakhale atakupempha mbale wathu.

Ukafika utiimbire foni. Amayi ako akuikira ufa ndi nyemba m'thumba lobiriwira, usaliiwale m'basi.

Ndine bambo ako.