Intaneti Yathu Inkatulukira pa Soketi

Ndinakalipira mwana wanga wamwamuna pa mlandu umene sanapalamule, ndipo gwero lake linali kabokosi koyera kofanana kukula ndi sopo wosambira. Mpaka lero ndikakumbukira mmene anandiyang'anira tsiku limenelo, mtima umandipweteka.

Timakhala ku Nkhudzi, chapatali pang'ono ndi msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay. Netiweki ya foni imagwira bwino pawindo limodzi lokha la pabalaza, ndipo m'pamene tinaika rauta yathu yolowa simu khadi. Koma makoma a nyumba yathu ndi a njerwa zootcha, moti Wi-Fi imafika kuchipinda chakumapeto itatheratu mphamvu. Kumeneko n'kumene mwana wathu wamkazi amawerengera. Iye akuphunzira zauphunzitsi ali pakhomo, ndipo ntchito zake amatumiza pa intaneti. Ankachita kunyamula kompyuta kubwera nayo pabalaza, pakati pa phokoso la abale ake.

Nditawadandaulira achimwene anga amene ali ku Johannesburg, anatitumizira pa basi timabokosi tiwiri totchedwa powerline. Kamodzi mumakalowetsa pa soketi ya pafupi ndi rauta n'kukalumikiza ku rautayo ndi kachingwe. Kenako mumakalowetsa kachiwiri pa soketi ya chipinda chimene mukufuna intaneti. Palibe kuboola khoma kapena kukoka waya watsopano, chifukwa uthenga umadutsa m'mawaya a magetsi amene ali kale m'nyumba. Magetsi athu kuno ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi imodzi, pamene uthenga wa timabokosito umagwedera kambirimbiri, mamiliyoni angapo pa sekondi. N'chifukwa chake ziwirizi zimayenda mu waya mmodzi osasokonezana, ngati bwato ndi nsomba m'madzi amodzi.

Titangolowetsa, timagetsi tobiriwira tinayaka ndipo intaneti inafika kuchipinda kuja. Kapepala ka malangizo ndinakaponya m'kabati osakawerenga. Chinthu chagwira kale ntchito, ndiwerengerenji?

Mwezi woyamba zonse zinayenda bwino. Mwezi wachiwiri, bandulo imene imatikwanira mwezi wathunthu inatha pa masiku 9. Tinagula ina, nayonso osakhalitsa. Inatha usiku umene mwana wamkazi uja amayenera kutumiza ntchito yake, ndipo anagona akulira. Ndalama yachitatu tinachita kutapa pa ya ndiwo.

Maso anga anagwera pa mnyamata wathu wa zaka 15, amene amakonda mpira kwambiri. Ndinamuitana m'mawa asanapite kusukulu.

"Iwe, usiku umaonera chiyani pa foni?"

"Palibe amayi. Foni ndimaisiya pabalaza monga munanenera."

"Usandinamize. Bandulo imadzidya yokha?"

Sanayankhenso. Ndinamulanda foni, ndipo anapita kusukulu osamwa phala. Kwa mlungu wathunthu ankangondipatsa moni basi. Koma foni yake ili chitsekeredwe m'sutikesi mwanga, bandulo inapitirizabe kutha. Apa m'pamene ndinayamba kuchita manyazi.

Ndinaimbira achimwene aja, ndipo anandiuza kuti ndione kunsi kwa rauta. Pamenepo pamalembedwa manambala oyamba ndi 192.168, amene mukawalemba pa foni kapena pa kompyuta amakutsegulirani tsamba la rautayo. Patsambalo pali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zikugwiritsa ntchito intaneti yanu. Pakhomo pathu tili ndi mafoni anayi ndi kompyuta imodzi. Pamndandanda panali zipangizo 11.

Ndinasintha pasiwedi ya Wi-Fi nthawi yomweyo. Mawa lake alendo aja anali adakalipobe. Madzulo a tsiku limenelo, ndili wothedwa nzeru, ndinazula kabokosi ka pabalaza pa soketi. Sipanathe mphindi, ndinamva mawu kuseri kwa nyumba: "Aaa, netiweki yapita! Mpira uli pakati!"

Kuseriko tili ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kamene timachititsa lendi, ndipo magetsi ake amachokera pa mita yathu yomweyi. Mumakhala mnyamata waulemu amene amagwira ntchito pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Nditagogoda, ndinapeza anyamata asanu atazungulira foni, wina aliyense alinso ndi yake m'manja. Pa soketi panali kabokosi konga kathu, kakale ndithu.

"Achimwene, kameneka munakatenga kuti?"

"Anataya kuntchito, mayi. Ndinangoti ndiyese ngati kali moyo, ndiye intaneti inangobwera. Pepani, ndinkadziwa kuti ili ndi mwini wake, koma sindinafune kufunsa."

Ndinakatulutsa kapepala kaja m'kabati, ndipo ndinapeza kuti yankho linali momwemo. Timabokosi tambiri ta mtunduwu timatsatira muyezo umodzi wotchedwa HomePlug AV, ngakhale titapangidwa ndi makampani osiyana. Uthenga wake umabisidwa ndi loko wamphamvu wotchedwa AES, koma kufakitale tonse timatuluka ndi kiyi imodzi yofanana, kuti wogula asavutike. Choncho kabokosi kalikonse kamene kiyi yake sinasinthidwe, kakalowetsedwa pa mawaya omwewo, kamalandiridwa ngati kapachibale. Pasiwedi ya Wi-Fi siikhudzidwa n'komwe, chifukwa mlendoyo sadzera mumphepo. Amadzera mu waya. Ine ndinkalimbana ndi kukhoma chitseko chakumaso, chakuseri chili pululu.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale mphindi 5. Kabokosi kalikonse kali ndi batani lolembedwa kuti Pair. Mumadina pa koyamba kwa sekondi imodzi, kenako pa kachiwiri mphindi 2 zisanathe. Timagetsi timaphethira kwa kanthawi, ndipo tiwirito timapangana kiyi yatsopano imene kabokosi kachilendo sikaidziwa. N'zosavuta kuchita zimenezi mutatilowetsa pa masoketi oyandikana, kenako n'kusamutsa kamodziko. Mukadzadina batani lobwezera zonse mwakale, kiyi ya kufakitale imabwereranso, ndiye muyenera kuyambiranso.

Titatero, tinasinthanso zinthu zina ziwiri. Kabokosi ka kuchipinda kali ndi Wi-Fi yakeyake, ndipo pasiwedi yake inasindikizidwa kumbuyo kwake, poti aliyense wolowa m'chipindamo angathe kuiwerenga. Tinaika ina yaitali, yopanda dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Tinasinthanso pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta, imene inali idakali ya kufakitale. Tsopano tsiku loyamba la mwezi uliwonse timatsegula mndandanda uja n'kuwerenga zipangizo.

Pali zinanso zimene taphunzira m'kupita kwa nthawi. Timabokosi timeneti timafuna soketi ya pakhoma. Mukatilowetsa pa ekisitenshoni, makamaka yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, intaneti imayenda pang'onopang'ono kapena kuduka kumene. Filiji ndi machaja otchipa nawonso amasokoneza uthenga akakhala pa soketi yoyandikana. Magetsi akathima, nato timathima. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba kung'anima panyanja, timatizula pamodzi ndi rauta. Ndipo ngati soketi ikutentha, ikununkha kapena ikuthetheka, musaitsegule nokha. Itanani wodziwa zamagetsi amene ali ndi chiphaso.

Mnyamata wa kuseri sitinamuthamangitse. Bambo a kunyumba anakambirana naye, ndipo anabweza ndalama ya bandulo imodzi pang'onopang'ono. Tinamutsegulira Wi-Fi ya alendo pa rauta, imene timaiyatsa akapempha. Akafuna kutumiza kalata kapena kulankhula ndi makolo ake, amabwera kudzakhala pakhonde. Za mpira amadzigulira yekha.

Chovuta kwambiri chinali kulowa m'chipinda cha mwana wanga, foni yake ili m'manja mwanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sindinadekhe. Ndinagamula mlandu ndisanaufufuze, chifukwa choti woganiziridwayo anali wamng'ono ndipo sakanatha kundiyankha.

"Mwana wanga, ndinakulakwira. Sunali iwe. Undikhululukire."

Anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Ndinakuuzani, amayi." Ndinavomera kuti anandiuzadi.

Panopa ntchito yowerenga zipangizo pamndandanda ndi yake. Tsiku likafika amabwera ndi kope, n'kukhala pafupi nane pabalaza, ndipo timawerengera limodzi. Mwezi watha zinakwana 6. Tisanayambe kuloza munthu chala, iye anati tiyambe tafunsa. Inali foni ya agogo ake, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Namwera.