Penti wa tigalimoto: funsani kaye chifuwa

Mwina museka mukamva kuti ine, mayi wa zaka 66, namwino wopuma pantchito, ndidatsala pang'ono kuyambana ndi amuna anga chifukwa cha penti wa tigalimoto ta pulasitiki. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ndidabwera kuno ku Britain mu 2003, nthawi imene anamwino ambiri a kwathu tinkasamukira kunja. Mu 2022 bambo a kunyumba adadwala sitiroko ndipo dzanja lamanja lidafooka. A mafizo adatilangiza kuti apeze ntchito ya zala yoti aziikonda. Poti ali mwana ku Ndirande adali katswiri wa galimoto za mawaya, mwana wathu adawagulira kagalimoto kolumikiza wekha, Volkswagen Beetle ya 1966 yopangidwa ndi Tamiya. Pabokosi adalemba 1:24, kutanthauza kuti nkakang'ono ka 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, pafupifupi masentimita 17. Bambo aja, amene ankangokhala duu pampando, adayambanso kuseka.

Tsoka lidabwera ndi penti. Neba wina adatipatsa tizitini takale ta penti wa oyilo ndi chitini chopopera. Udali mwezi wa Januwale, kunja kukuzizira koopsa, mazenera onse ali otseka. Bambowa ali ndi mphumu kuyambira ali mnyamata. Adapenta masana onse, ndiye usiku chifuwa chidayamba kulira ngati mluzu. Tidachezera ndi mankhwala opopera mkamwa mpaka kucha. Wolakwa ndidali ine. Zaka zonse ndidagwira m'mawodi, koma fungo la m'nyumba mwanga momwe sindidalilabadire.

M'mawa mwake ndidasonkhanitsa zonse kuti ndikataye. Iwo adangoti: "Mayi a Chisomo, mukataya zimenezi nditsala ndi chiyani? Mpando ndi wailesi ya kanema basi?" Mawu aja adandilasa mtima. Ndidabweza kagalimoto kaja patebulo, nkuyamba kuwerenga za penti monga ndinkawerengera mapepala a mankhwala.

Ndidapeza kuti musanafunse dzina la kampani, muyenera kufunsa kuti pentiyo amasungunulidwa ndi chiyani. Amisiri a kwathu amadziwa kale za penti wa madzi ndi wa oyilo, ndipo ku tigalimoto nchimodzimodzi.

Wa oyilo wodziwika kuno ndi Humbrol, wa m'tizitini ta mamililita 14. Revell ya ku Germany ilinso naye. Ubwino wake amauma pang'onopang'ono, motero mizere ya burashi imafafanizika yokha ndipo thupi la galimoto limawala. Akauma ndi wolimba. Koma mudikire maola 6 musanapakenso, mutsuke burashi ndi thinazi, ndipo fungo limatsalira m'chipinda. Chivindikiro chake chimafuna chotsegulira ndi manja awiri amphamvu.

Tamiya ya ku Japan ili ndi timabotolo ta galasi: a X ndi owala, a XF ndi osawala. Ngakhale burashi mungaitsuke ndi madzi penti asanaume, muli sipiriti, choncho kafungo kalipo ndipo safuna kuyandikira moto. Amauma msanga, moti mukabwerezabwereza burashi pamalo amodzi mumakokolola amene mwapaka kale. Amakoma kwambiri popopera ndi kamakina.

Vallejo wa ku Spain ndi wa madzi. Ali m'timabotolo todontheza ngati ta mankhwala a m'maso, moti munthu wa dzanja limodzi amatha kufinya yekha. Fungo ndi lochepa zedi ndipo ndi burashi amayenda bwino. Vuto lake amakandika msanga ngati simudayambe mwapaka andakoti. Revell Aqua Color nayenso ndi wa madzi.

Otsiriza ndi a m'zitini zopopera, monga a TS a Tamiya. Amenewa ndiwo amawalitsa galimoto ngati yangotuluka kumene m'fakitale, komanso ndiwo aukali pamphuno. Musawapopere pamwamba pa penti wa oyilo, amamukwinyitsa ngati khungu la nkhalamba. Chikomekome cha mkuyu, abale, mkati muli nyerere.

Ndiye ife tidagwirizana chonchi. Mipando, injini ndi zonse za mkati bambo amapenta okha ndi wa madzi, zenera lili lotsegula. Thupi la galimoto amapopera ndi mwana wathu panja, tsiku lopanda mvula, bambo akulamula ali pazenera ngati kapitawo. Kagalimoto kamagona m'kanyumba ka kuseri mpaka fungo litatha. Penti watsopano aliyense timayamba tamuyesa pa supuni ya pulasitiki. Safunsa adadya phula.

Inu amene muli ndi mwana, mdzukulu kapena wodwala wokonda ntchito yotereyi, funsani zinthu zitatu musanatulutse ndalama. Chifuwa chake chili bwanji? Azipentera kuti? Nanga manja ake atha kutsegula chitinicho? Dzina la kampani ndi mtengo zibwere pambuyo. Dziwaninso kuti masiki a nsalu aja tinkavala nthawi ya Covid satchinga mpweya wa thinazi.

Kwa a kumudzi kwathu amene ana anu amapenta galimoto za mawaya ndi penti wotsala pomanga nyumba, chonde apentere panja. Thinazi kapena palafini musasunge m'botolo la zakumwa. Ndili namwino kwathu ndidalandirapo ana amene adamwa palafini poyesa madzi. Zikachitika musamusanzitse mwanayo, chifukwa akamasanza mafutawo amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala.

Beetle ija idatha patapita miyezi itatu. Chitseko chimodzi chidapendama ndipo pampando wakumbuyo pali chidindo cha chala, koma ili pamwamba pa kabati pabalaza, mlendo aliyense amaonetsedwa asanapatsidwe tiyi. Pano bambo amamanga okha mabatani a malaya, ndipo ali pa kagalimoto kachisanu. Mphumu ija chichokereni usiku uja sidawagwirenso chifukwa cha penti.