Kalata kwa Wezi Asanakwere Ndege ya ku Bangui

Chama Boma

Wokondedwa mwana wanga Wezi,

Ndaganiza zolemba chifukwa pa foni amayi ako salekeza, ndipo ine ikandifika ndimangofunsa za nyengo, zenizeni n'kutsala kukhosi. Mlamu wako akubwera ku Lusaka ndi matumba a mpunga, ndiye akupatsira kalatayi pamanja pamodzi ndi kathumba kamene amayi akupetera okha. Kuno tadzuka. Njovu zinalowa m'munda wakumunsi uja koma zinangodya m'mphepete.

Wati gulu lanu likupita ku Birao, m'dziko la Central African Republic, pansi pa MINUSCA ya United Nations. Ndinapita kusukulu kumene ndinkaphunzitsa kukatambasula mapu. Malowo ali kumpoto chakum'mawa, m'chigawo cha Vakaga, pafupi ndi malire a Sudan ndi Chad, kutali zedi ndi Bangui. Asilikali a Zambia akhala akusinthana kumeneko kuyambira 2015, choncho ukuponda m'mapazi a anzako. Chimene chinandiseketsa n'chakuti akuti mvula ikagwa misewu ya kumeneko imafa kwa miyezi, katundu n'kumabwera pa ndege. Mwana wa ku Chama akamuphunzitse ndani za msewu wakufa? Unakula ukuona malole atatitimira pa msewu wa ku Lundazi, madalaivala akuphika nsima m'mbali mwa matope, ndi mayi wapakati ali pa ngolo tsidya lina kudikira kuti mtsinje uphwe. Kusiyana kwake n'kwakuti dzinja lawo limabwera pamene ife tikupuntha mpunga.

Ndiye pa ntchito yakoyo ndili ndi mawu, ngakhale sindinagwirepo giredala. Usanakumbe pomanga kalavati kapena mlatho, ukapeze nkhalamba za pamalopo zikuonetse pamtengo pamene madzi anafika chaka cha chigumula. Madzi saiwala khwawa, ndipo pepala lojambulidwa mu ofesi ku Bangui silinaonepo mtsinjewo utakwiya. Simenti isachepe, mchenga wa dothi uukane ngakhale akukufulumiza. Kuno m'chigwa cha Luangwa taona makalavati otsegulidwa ndi nthungululu mwezi wa October, pofika February atakokoloka, ndipo womanga tinkamutchula dzina nthawi zonse tikamavula nsapato kuti tiwoloke. Inu mudzakwera ndege n'kubwerera, kalavatiyo idzatsala ndi eni dziko. Chimodzimodzi mjigo: ukaukonza, wina wa pamudzipo aime pambali pako aone mmene ukumasulira.

Koma usaiwale kuti wavala yunifolomu. Womanga maso ake amakhala pansi, pa chingwe ndi pa dzenje, osati kutchire. N'chifukwa chake amakupatsani okulonderani. Usawatsogolere, usatsalire m'mbuyo pofuna kumaliza kachidutswa kotsala, ndipo akati pakirani, pakira. Mu June 2025 msilikali wathu anaphedwa m'chigawo chomwecho cha Vakaga ali paulendo wolondera. Amayi ako nkhaniyi akuidziwa, usaganize kuti ukuwabisira.

Tsopano za ife otsala, pakuti ndicho chandikhazika pansi. Mu May 2000, iwe uli wakhanda, zigawenga za RUF zinagwira asilikali a United Nations mazanamazana ku Sierra Leone, ambiri mwa iwo a Zambia. Mkulu wina wa kwa Tembwe, amene mwana wake anali kumeneko, ankapalasa njinga kubwera ku Boma kudzamvera wailesi kwathu chifukwa yake inatha mabatire. Ankakhala pakhonde chipewa chili pabondo, nkhani zikatha n'kufunsa ngati atchula mayina. Sankatchula. Mwana wakeyo anabwerako wamoyo, koma mkuluyo anali atatha thupi. Masiku amenewo chotipha chinali kusowa uthenga. Lero mauthenga achuluka mopitirira. Wina aika chithunzi cha galimoto yopsa pa Facebook, osanena kuti n'cha dziko liti kapena chaka chiti, ndipo pofika madzulo azimayi a kumpingo afika kale pakhomo ndi nkhope za maliro.

Choncho tipangane. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, utumize mawu pa WhatsApp, a pakamwa osati olemba, amayi ako amve liwu. Likadutsa Lamlungu osamva kanthu, tidzati ndi netiweki, ya kwanuko kapena yathu ino imene imathawa magetsi akazima, ndipo tidzadikira Lamlungu linalo osayala mphasa. Amayi ako avomera, ngakhale ndikudziwa kuti foni azigona nayo kumutu. Mbali yako ndi iyi: uzinena zoona. Ukadwala malungo unene kuti ndadwala malungo, ndamwa mankhwala. Mawu akuti “ndili bwino” obwera sabata ndi sabata amafika poti sitiwakhulupiriranso, ndipo mayi akasiya kukhulupirira amayamba kulota zoopsa. Za kumene mukupita ndi tsiku lonyamukira, zimenezo n'za akuluakulu ako, sitikufunsa. Ifenso sitikubisira za kuno. Agogo ako akafooka udzamva kwa ine, osati kwa anthu.

Uziyamba kuimbira mayi a Tiwonge, ife pambuyo. Amayi ako akamva izi andikalipira, koma mkazi wako ndiye watsala ndi mwana m'nyumba ya kukampu, kutali ndi abale ake. Uonetsetsenso kuti mapepala ako onse a kuntchito ndi a kubanki ali ndi dzina lake molondola.

Za ndalama, mbiri yafika kale kuno kuti Wezi akukatola madola. Amalume ako ayamba kufunsa mtengo wa malata, ndipo msuweni wako akuti njinga yamoto. Usalonjeze munthu kanthu uli kunja. Aliyense wokupempha umuuze kuti akaone atate, ine ndidziwa powayankha. Alawansiyo ndi ya chaka chimodzi, si malipiro a moyo wonse. Ipite ku nyumba yako ndi ku sukulu ya Tiwonge. Ife mpunga ulipo.

Pali china chimene atate sakonda kulankhula ndi mwana wamwamuna, koma ndilankhula. Chiyambireni nkhondo ya ku Sudan mu April 2023, anthu ambiri athawira ku Birao, ochuluka ndi amayi ndi ana, ndipo ali ndi njala. Iwe udzakhala ndi chakudya, sopo ndi ndalama m'thumba. Mkazi wanjala akavomera, sanavomere iwe. Mu 2021 United Nations inabweza kwawo gulu lonse la asilikali a ku Gabon kuchokera m'dziko lomwelo chifukwa cha milandu ya mtundu umenewu. Mwana wovulala ndikhoza kumusamala pakhomo pano, koma wobwezedwa pa nkhani yotero sindidziwa kuti ndingakhale naye bwanji pabwalo la mfumu. Ukaona mnzako akuchita zimenezi, usamuphimbire.

Anthu a kumeneko ambiri ndi Asilamu. Lemekeza nthawi yawo yopemphera ngakhale konkire ikuuma, ndipo uphunzire moni wa Chisango ndi wa Chiarabu sabata yoyamba. Uzigona mu neti, usati ndine wa kuchigwa udzudzu umandidziwa.

Amayi ako akuti akafika m'gulu la amayi la Lachinayi azikutchula dzina, ufune usafune. Ine ndatenga dimba lako lija kuti manja asakhale chabe, ukadzabwera udzalipeza lolimidwa. Usanakwere ndege unditumizire nambala ya ofesala wotsala kuno amene mabanja angamufunse zikavuta, ndi kundiuza kuti kalatayi wailandira. Mulungu akutsogolere.

Ndine atate ako.